Kodi tinyanyale katundu wa ku Joni?

Anaphiri a ku Area 25: Abale, mwaswera bwanji nonse. Ndikhulupirira mwaona kavidiyo kakuzungulira kaja, ka anthu a Operation Dudula, gulu lothamangitsa anthu obwera, ataima pa geti la chipatala ku Joni n'kumabweza aliyense amene alibe chiphaso cha South Africa. Mayi wodwala, mwana ali kumbuyo, akumuuza kuti akachire kwawo. Ine mtima wandiwawa kwambiri. Tili ndi ana athu ndi alongo athu kumeneko. Ndikupempha kuti gulu lino tigwirizane chimodzi: tisiye kugula m'mashopu a ku South Africa ali muno mu Lilongwe, ndipo tikauze a kutchalitchi, a kumzikiti ndi a banki m'khonde kuti nawonso atero. Ndalama yathu akuifuna, koma anthu athu sakuwafuna.

Limbani wa ku Tsoka: Mwanena zoona amayi. Ine ndavomera kale. Tinachitapo izi mu Epulo 2015, anthu ataphedwa ku Durban ndi ku Johannesburg mfumu ya Azulu, Goodwill Zwelithini, itanena kuti alendo alongedze katundu azipita. A John Kapito a CAMA, bungwe loimira ogula, anamema anthu kuti Lachisanu tivale zakuda ndipo tisalowe m'mashopu awo. Tsiku limenelo zitseko zinali zokhoma. Sabata yomweyo anthu anayenda mpaka ku City Centre kukapereka chikalata cha madandaulo ku ofesi ya kazembe wawo. Uthenga unafika.

Chikondi wa ku Biwi: Achimwene a Limbani, unafika kwa ndani? Ndikufunsa mwaulemu. Ine ndimagwira ntchito pa thilu mu shopu ina mwa imene mukuinenayi. Ogwira ntchito tonse pansi pano ndife Amalawi: a pa thilu, a kubutchala, ophika buledi, alonda, osesa. Kabichi ndi tomato amene mumaona pa shelefu amabwera ndi alimi ndi ochita maoda a konkuno. Malonda akatsika, woyamba kuuzidwa kuti "mawa usabwere" ndi mtsikana waganyu amene amalipidwa pa tsiku. Mwini masheya ali ku Cape Town sadziwa n'komwe kuti Lachisanu lija kunachitika kanthu. Komanso onetsetsani kaye kuti shopu ndi ya ndani lero. Shoprite inalengeza mu 2025 kuti ikugulitsa mashopu ake a ku Malawi. Tingathe kumakalipira khoma la munthu amene anasamuka kale.

Anaphiri a ku Area 25: Mwanangu Chikondi, ndakumva, ndipo sindikufuna kuti ntchito ikuthere. Koma ndiye tingokhala manja lende? Mu 2008 anafa anthu 62. Mu 2015 anamubaya Emmanuel Sithole wa ku Mozambique masanasana ku Alexandra, zithunzi zake dziko lonse linaona. Mu 2022 anamutentha Elvis Nyathi wa ku Zimbabwe ku Diepsloot. Nthawi zonse timangotumiza mabasi kukatenga otsala, kenaka tiwiri tatu tayiwala.

Madalitso ku Durban: Moni kumudziko. Ndakhala ndikuwerenga, ndiloleni ndiyankhule ngati munthu amene ali konkuno. Amayi Anaphiri, zikomo chifukwa cha mtima wanu. Zimene mwaonazo n'zoona. Mkazi wanga anapita ndi mwana ku sikelo pa kiliniki ina ya kufupi ndi kumene timakhala. Asanafike n'komwe pa khomo, anthu ovala maskipa ofanana, amene si madokotala kapena alonda a pamalopo, anali kuyenda pa mzere kuona mapepala. Khadi la mwana analiona, n'kumubwezera, n'kumulozera msewu. Mlonda weniweni anali chiimire chapomwepo, osanena kanthu. Panopa mwana akatentha thupi timathamangira ku famase kukagula mankhwala ndi ndalama imene tikanatumiza kumudzi. Chikwama cha zovala ndi mapasipoti chimakhala chomangiratu kuseri kwa chitseko.

Koma ndikuuzeni chimene chimandiopsa. Amene akutithamangitsawa alibe masheya m'makampani amenewo. Ambiri ndi anyamata osowa ntchito a m'makomboni. Shopu ikatsekedwa ku Lilongwe iwo sataya kanthu. Chimene amaona ndi chithunzi pa Facebook, n'kumati "onani, kwawo akuwononga zathu". Mu Sepitembala 2019, anthu ku Nigeria ataphwanya mashopu a Shoprite ndi maofesi a MTN, ife kuno tinagona ndi mantha owirikiza. Choncho chilichonse chimene mungachite, pasakhale kugenda kapena kuthyola. Mwala mukaponya ku Old Town umadzatera pa ife.

Limbani wa ku Tsoka: Palibe wanena zogenda achimwene. Tikunena zongosunga ndalama m'thumba. Ndipo chaka chomwecho cha 2019 Zambia inakana kusewera mpira ndi Bafana Bafana ku Lusaka, Madagascar nayonso inakana. A Ramaphosa anakuwizidwa pa maliro a Mugabe ku Harare mpaka anapepesa pamaso pa anthu, kenaka anatumiza nthumwi m'mayiko kukapepesa. Manyazi amagwira ntchito.

Amalume Yohane a ku Mchesi: Ana inu, ine maso anafooka, akundilembera ndi mdzukulu. Ndinagwirako ntchito ku migodi nthawi ya Theba, ndiye nkhaniyi ikundikhudza. Mukamati kunyanyala, dziwani kuti dziko lino linachitapo kunyanyala kwakukulu kuposa kwa mashopu. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu a ku migodi limene kenaka linatchedwa Theba, inagwa ku Francistown ku Botswana, Amalawi 74 ochokera ku migodi anafera pomwepo. Kamuzu analamula kuti kulemba anthu opita ku Joni kuime. Nthawi imeneyo Amalawi a m'migodi anali opitirira 100,000. Eni migodi anamva kuwawa ndithu, pakuti manja ambiri chotero sungawapeze tsiku limodzi. Malipiro a m'migodi anakwera m'zaka zimenezo, ngakhale zifukwa zinali zingapo, mtengo wa golide nawo unali utakwera.

Koma mverani zotsatira zake. Eni migodi anaphunzira kusadalira ife. Anayamba kulemba anthu a kwawo komweko ndi a ku Lesotho. Pamene Theba inatsegulidwanso mu 1977, malo athu anali ochepa kwambiri, ndipo mu 1988 zinatheratu chifukwa cha mkangano wa zoyeza magazi ngati muli HIV. Amene anabwerako ambiri anakalamba akudikira ndalama zawo. Ndiye ine sindikukana zimene Anaphiri akunena, koma ndikuti mukakana kanthu, yambani mwadziwa kuti mnzanuyo akhoza kukhala masiku angati opanda inu, ndi inunso masiku angati opanda iye.

Anaphiri a ku Area 25: Zikomo amalume. Zimenezi ana a masiku ano sazidziwa.

Aphunzitsi Mbewe a ku Kawale: Pepani ndilemba motalikirapo, koma amalume atsegula khomo labwino. Kunyanyala kugula katundu pofuna kuteteza anthu obwera kunagwirapo ntchito m'malo ena, ndipo ndi bwino tione kuti kunagwira bwanji.

Ku California mu 1965, antchito a m'minda ya mphesa ku Delano ananyanyala ntchito. Anayamba ndi ochokera ku Philippines motsogozedwa ndi Larry Itliong, kenaka a chi Mexico ndi Cesar Chavez ndi Dolores Huerta analowa nawo. Sitalaka payokha sinakwanire, chifukwa eni minda ankangobweretsa antchito ena. Ndiye anatumiza anthu awo m'mizinda ikuluikulu kukaima pakhomo pa mashopu n'kumapempha ogula kuti asagule mphesa. Zinatenga zaka zisanu. Mu 1970 eni minda anasaina mapangano okweza malipiro. Onani apa: amene ankataya ndalama ndi yemweyo amene anali ndi cholembera chosainira.

Ku Florida, othyola tomato a ku Immokalee, ambiri ochokera ku Mexico, Guatemala ndi Haiti, anaona kuti mwini munda ndi wamng'ono poyerekeza ndi makampani ogula tomatoyo. Mu 2001 anasankha kampani imodzi yokha, Taco Bell, n'kupempha chinthu chimodzi chomveka: iwonjezere senti imodzi pa paundi iliyonse (pafupifupi theka la kilogalamu) ya tomato, ndalamayo ifike kwa wothyola. Ana a sukulu za ukachenjede ndi mipingo anawathandiza. Mu 2005 kampaniyo inavomera. Kampani imodzi, pempho limodzi, zaka zinayi.

Ngakhale ku South Africa komweko, mu 1959 ANC inamema anthu kuti asagule mbatatesi chifukwa cha nkhanza za m'mafamu a ku Bethal, kumene ogwidwa pa milandu ya pasi, chiphaso chimene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nacho, ankatumizidwa kukakumba mbatatesi ndi manja, atavala masaka, ena n'kufera komweko. Mbatatesi zinaunjikana m'misika popanda wogula. Ndimawauza ana m'kalasi kuti anthu akuda a ku South Africa amadziwa bwino chida chimenechi kuposa ife, ndipo mayiko a kunja anachigwiritsa ntchito powathandiza iwo kugwetsa tsankho.

Pali china chosiyana pang'ono. Pa 1 Meyi 2006 ku America anthu obwera anagwirizana kuti tsiku limenelo asapite ku ntchito, asagule kanthu, ana asapite ku sukulu, pokana bilu imene inkafuna kuti kukhala wopanda mapepala ukhale mlandu waukulu. Mafakitale ena a nyama anatseka. Biluyo sinakhale lamulo. Koma tsiku limenelo linali mbali ya zionetsero za miyezi ingapo, ndipo amene ananyanyala anali eni nkhaniwo, mkati mwa dziko limene limadya thukuta lawo.

Tsono tibwere kwathu. Ife tikufuna kulanga shopu ya ku Lilongwe kuti boma la ku Pretoria liletse gulu la Dudula limene linayambira ku Soweto. Pakati pa amene akumva kuwawa ndi amene angakonze zinthu pali mtunda wautali. Ndiponso msika wathu ndi waung'ono kwa iwo, pamene ife mankhwala, zipangizo za galimoto ndi katundu wambiri wa m'magolosale timadalira komweko. Lachisanu limodzi lovala zakuda ndi kulira maliro, ndipo kulira n'koyenera. Koma ngati tikufuna kuti china chisinthe pa geti la kiliniki imene a Madalitso akunena, tiyenera kutchula amene tikumupempha, chimene tikumupempha, ndi tsiku limene tidzasiye kunyanyala akachita.

Chikondi wa ku Biwi: Aphunzitsi mwandilankhulira. Ndipo tiyeni tinene chilungamo: ndani pagulu pano angasiye DStv mwezi wathunthu ligi ili mkati? Ndani angatseke akaunti ku banki imene likulu lake lili ku Johannesburg? Ngakhale ndalama zimene abale akutumiza kuchokera ku Joni, ambiri timakatengera ku Mukuru, ndipo likulu lake lili ku Cape Town. N'kosavuta kunyanyala shopu imene kale umalowamo pa Khirisimasi pokha.

Limbani wa ku Tsoka: Ine DStv ndikhoza kusiya. Mu 2023 anachoka okha atakangana ndi MACRA pa za mitengo, kodi tinafa?

Nachisale wa ku Mgona: Ndakhala chete kuyambira m'mawa, koma mtima sukundilola. Abale, tisanapite kukaima pa ofesi ya kazembe, tikumbukire Meyi 2023 muno mu Lilongwe. Apolisi ndi asilikali anazungulira m'makwalala kugwira anthu othawa kwawo a ku Burundi, Rwanda ndi Congo kuti abwerere ku Dzaleka. Mazanamazana anakagona ku ndende ya Maula, ana omwe. Ine ndinali ndi banja lina limene linkachita lendi kwathu. Bambo wake anali ndi okala pa msewu, amatsegula kusanache, ndipo theka la mzere wathu linali ndi ngongole ya sopo ndi shuga m'kabuku kake. Ana ake anabadwira konkuno, Chichewa chawo n'chimodzimodzi cha ana anga. Tsiku limene anawakweza pa lole, mayi wake anandisiyira makiyi ndi poto wa nyemba ali pamoto. Lole isanakhote n'komwe, anthu ena a m'dera lathu lomwe anali atayamba kufunsa kuti malo a okala aja atenga ndani. A ngongole m'kabuku muja palibe anapita ku Dowa kukabweza.

Dzaleka inakonzedwa kuti isunge anthu pafupifupi 12,000, koma muli opitirira 50,000. Lamulo lathu la 1989 la othawa kwawo ndi mfundo zimene dziko lino linakana posaina pangano la United Nations la 1951 zimachititsa kuti munthu wothawa kwawo asakhale ndi ufulu wogwira ntchito kapena kukhala kumene wafuna. Nthawi imeneyo ndani pagulu pano ananena zonyanyala chilichonse?

Limbani wa ku Tsoka: Achemwali, zimenezo n'zosiyana. Lija linali lamulo la boma, silinali gulu la zikwanje. Palibe anawotchedwa. Ndipo tinene zoona, maburundi anatilanda geni. Mmalawi umatsegula okala, iye amatsegula pafupi nawe n'kutsitsa mitengo mpaka iwe utseke. Ife a m'misika tinalira nthawi yaitali.

Madalitso ku Durban: Achimwene a Limbani, mawu amene mwalembawo ndi amene ndimamva tsiku lililonse kuno, kungosintha dzina la mtundu. "Akutilanda ntchito, akutsitsa mitengo, lamulo likuti azipita." Nawonso a Dudula amanena kuti akungothandiza lamulo. Ndikuvomera kuti kugwidwa ndi wapolisi n'kosiyana ndi kutenthedwa ndi gulu, ndipo sindikuchepetsa zimenezo. Koma Amalawi ambiri kuno chimene chimawagwetsa si chikwanje ayi, ndi veni ya apolisi ndi Lindela, kumene amatsekera anthu oti abwezedwe kwawo. Ukakhala m'veni muja sufunsa ngati lamulo lili kumbali yawo. Umangoganiza za firiji ndi bedi zimene wasiya m'chipinda, ndi amene akazitenge.

Limbani wa ku Tsoka: Ndiye mukuti tisadandaule za abale athu chifukwa choti nafenso tili ndi zathu?

Nachisale wa ku Mgona: Ayi achimwene, dandaulani, inenso mlongo wanga ali ku Pretoria. Ndikungoti chikalata chimene tilembe chikhale ndi masamba awiri. Lina lipite kwa kazembe wa South Africa, lina kwa aphungu athu kuti lamulo la othawa kwawo likonzedwe. Tikapita ndi limodzi lokha, adzatifunsa za Maula ndipo tidzasowa poyang'ana. Dziko lino linasungapo anthu a ku Mozambique opitirira miliyoni imodzi nthawi ya nkhondo yawo, m'midzi ya ku Dedza, Ntcheu, Nsanje. Makolo athu anagawana nawo minda. Si zachilendo kwa ife.

Amalume Yohane a ku Mchesi: Nachisale wanena. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiponso ana inu mudziwe kuti a ku Joni ali ndi mawu awo otinenera. Kamuzu anatsegula ubale ndi boma la azungu la kumeneko mu 1967 pamene mayiko ena a mu Africa ankalikana, ndipo Capital Hill yathuyi inamangidwa ndi ngongole yochokera kwa iwo. Ena kumeneko sanaiwale. Koma nafenso tili ndi choyankha: Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay, ndi amene anayambitsa bungwe la antchito lotchedwa ICU ku Cape Town mu 1919, limene linadzutsa antchito akuda a dziko lonselo. Thukuta la Amalawi lili pansi pa Johannesburg.

Aphunzitsi Mbewe a ku Kawale: Pali chinthu chogwirika chimene tingatsamire. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Silinena kuti nzika zokha. Mu Novembala 2025 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti a Operation Dudula alibe mphamvu yofunsa anthu ziphaso kapena kuwatsekereza ku zipatala ndi ku sukulu. Amene anakasuma ndi mabungwe a ku South Africa komweko, monga Kopanang Africa Against Xenophobia. Ndiye sitikupempha chachilendo. Tikupempha kuti chigamulo cha khoti lawo chitsatidwe pa geti. Makampani awo amene akuchita malonda muno ali ndi khomo lolowera kwa nduna za kwawo limene ife tilibe. Tingawalembere kuti anene poyera, m'nyuzipepala za kwawo, kuti apolisi ateteze zipatala. Tiwapatse nthawi yoyankha. Amene wayankha timusiye. Amene wakhala chete, tisankhe mmodzi yekha, ndipo tinene kuti tidzabwerera tsiku limene adzalankhule.

Chikondi wa ku Biwi: Zimenezo ndingagwirizane nazo, bola ogwira ntchito tiuzidwe nthawi ilipo, ndipo pasakhale wotitukwana pakhomo. Mu 2015 anzathu ena ankanenedwa ngati ndi iwo anapha anthu ku Durban, pamene nawonso anali ndi abale m'mabasi aja.

Anaphiri a ku Area 25: Ndawerenga zonse. Nachisale, mawu ako andilasa, chifukwa nanenso ndinkagula kwa anthu amenewo ndipo tsiku lija ndinangoonerera pawindo. Tsamba lachiwirilo ndisaina. Koma aphunzitsi, kunena zoona, njira yanuyo ndi yaitali kwa munthu amene mwana wake akubwezedwa pa chipatala sabata ino. Ine pandekha ndasiya kugula kuyambira lero, kaya wina amva kaya samva. Sindingathe kupereka ndalama yanga uku ndikuona zimene zija.

Madalitso ku Durban: Amayi, ndalama imene musunge posagulayo, ngati mungathe, iponyeni m'thumba limodzi. Kuno tili ndi magulu athu a maliro ndi a matenda, timasonkherana mwezi ndi mwezi. Mayi woyembekezera akakanizidwa ku kiliniki ya boma, ndi thumba limenelo limamulipirira kwa dokotala wolipira. Komanso m'chikalata chopita ku boma lathu muikemo za mapasipoti. Ambiri kuno agwa m'gulu la opanda mapepala chifukwa pasipoti inatha ndipo yatsopano ikuchedwa. Zimenezo sizifuna Ramaphosa, zili m'manja mwa a kwathu konko.

Limbani wa ku Tsoka: Za mapasipoti ndi za thumba ndili nanu. Tsamba la maburundi ndikufuna ndiliwerenge kaye ndisanaike dzina langa, chifukwa anzanga a mumsika adzandifunsa. Likanena zoti akhale ndi ziphaso za malonda ndi kulipira msonkho ngati ife tonse, mwina tingamvane.

Nachisale wa ku Mgona: Ndi zomwezo zimene iwonso akhala akupempha, achimwene. Munthu wopanda chilolezo sangalembetse bizinesi, ndiye amabisala kuseri kwa dzina la Mmalawi. Mupatseni pepala, a msonkho amupeza.

Aphunzitsi Mbewe a ku Kawale: Ndilemba masamba onse awiri usiku uno, ndiwaponya pano mawa kuti aliyense akonze pamene sakugwirizana napo. A Chikondi, munditumizire kumbali mayina a mashopu amene mukudziwa motsimikiza kuti akadali m'manja mwa eni a ku South Africa, tisalembere munthu wolakwika. A Madalitso, funsani anzanu a thumbalo ngati angalole kuti msungichuma wawo alankhule ndi Anaphiri pa foni Loweruka.